ZA PABANJA: Tisanagule Nyumba Kudera Limene "Liri Kutukuka"



Aliyense woyenda pa mseu wa Great East kucokera mu Lusaka kulowera ku Chongwe, kapena pa mseu wa ku Kafue kupitirira Lilayi, amaona zikwangwani zimene zamera m'mbali mwa mseu ngati bowa wa m'dzinja. Zina zakhomedwa pa mitengo, zina pa mipanda, ndipo masiku ano zambiri zimatipeza pa foni tiri khale m'nyumba. Uthenga wake ndi umodzi: kuno kuli mapuloti, kuno kuli nyumba, mtengo wake ngwocepa lero koma mawa udzakwera, pakuti dera lino liri kutukuka. Nkhani yomweyi imamvekanso pabwalo la chalichi Misa itatha. Wina auza mnzake kuti wapeza malo ku Silverest, wina kuti mlamu wake anagula ku Chalala kale-kale ndipo lero ndi munthu wolemera. Amene akali m'nyumba ya lendi amabwerera kwao mtima uli m'mwamba, nadzifunsa ngati iwo okha ndiwo atsalira.

Kufuna nyumba yako-yako ndi cinthu coyenera, ndipo Eklezia amacilemekeza. Mu 1983 Likulu la Eklezia ku Roma linatulutsa cikalata ca maufulu a banja, ndipo umodzi mwa maufuluwo ndi wakuti banja liri lonse likhale ndi nyumba yoyenera, yolingana ndi kukula kwa banjalo, m'dera lokhala ndi zofunika pa moyo. Cotero sitiri kuletsa munthu kugula. Cimene tifuna kukambirana mwezi uno ndi ici: wogulitsa malo m'dera lotukuka amatigulitsa zamawa, pamene ife timalipira ndi ndalama zalero, ndalama za thukuta la zaka zambiri. Nkoyenera tsono kuti tiyese lonjezo lakelo tisanamasule cikwama.

Cifukwa cake mtima umathamanga

Njala ya nyumba m'dziko lino iri ndi mbiri yake. Pamene Lusaka anakhala likulu la dziko mu 1935, atsamunda anamanga mzinda wa iwo eni, ndipo munthu wakuda anali kuwerengedwa ngati mlendo wodzagwira nchito cabe. Nyumba inali kupita pamodzi ndi nchito: nchito ikatha, kiyi abwezedwe, munthu abwerere kumudzi. Tinyumba tozungulira timene tatsala ku Kabwata, kumene lero amagulitsirako ziboliboli, ndi mboni ya masiku amenewo. Ngakhale titalandira ufulu mu 1964, ambiri a makolo athu anakhalabe m'nyumba za boma, za khonsolo, za migodi ndi za makampani, ndipo tsiku lopuma pa nchito linali tsiku lolongedza katundu.

Malamulo a nthaka nao anasintha. Mu 1975 boma la a Kenneth Kaunda linathetsa umwini wamuyaya wa nthaka, ndipo malo opanda comangidwapo kapena colimidwapo analeka kukhala malonda. Lamulo la 1995, m'nthawi ya a Frederick Chiluba, linasunga mfundo yakuti nthaka yonse iri m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu a m'Zambia, koma linatsegula khomo lakuti puloti yopanda kanthu ikhale ndi mtengo. Mu 1996 nyumba za khonsolo ndi za boma zinayamba kugulitsidwa kwa okhalamo, zina pa mtengo wocepa zedi. Amene anagula nthawi imeneyo ku Libala, Chilenje, Kabwata kapena Matero anaona nyumba zao zikukwera mtengo caka ndi caka, ndipo ana ao anatengapo phunziro limodzi, lakuti wocedwa kugula amalira.

Anthu naonso aculuka. Kalembera wa 2010 anapeza anthu oposa 1.7 miliyoni m'boma la Lusaka, ndipo wa 2022 anapeza oposa 2.2 miliyoni. M'kati mwa mzinda malo acepa, motero mzinda uli kusefukira ku mafamu akale ndi ku midzi ya Asoli. Akulu-akulu akumbukira pamene Chalala anali chire ndi miyala yokha-yokha, ndi pamene munthu wopitirira Chelstone anali kuyesedwa kuti watuluka m'tauni. Zoona, madera ena atukukadi: phula lafika, magetsi afika, masukulu ndi masitolo akulu-akulu amangidwa. Koma alipo ena amene akhala "ali kutukuka" kwa zaka khumi, mseu ukali wa fumbi m'cilimwe ndi wa matope m'dzinja. Pa cikwangwani onsewa amaoneka cimodzi-modzi. Paja akale anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Owerenga athu a ku Chipata, Katete ndi Petauke asayese kuti nkhaniyi ndi ya mu Lusaka mokha, pakuti matauni aonso ali kukula mwa njira yomweyi.

Mneneri amene anagula munda

M'Malembo Oyera muli munthu amene anagula malo pa nthawi imene wina aliyense akadamseka. Nkhani yake iri pa mutu 32 wa buku la Yeremiya. Ankhondo a ku Babiloni anali atazinga Yerusalemu, ndipo mneneriyo anali wotsekeredwa m'bwalo la alonda a mfumu Zedekiya. Pamenepo mbale wake Hanamele, mwana wa mbale wa atate ake, anabwera kudzamgulitsa munda wa ku Anatoti, mudzi wa kwao. Yeremiya anagula, popeza Mulungu anafuna kuti kugulako kukhale cizindikiro cakuti dziko lidzakhalanso ndi moyo nkhondo itapita. Cikhulupiriro cotere ncosowa. Koma taonani m'mene munthu wa cikhulupiriroyu anacitira malonda ake. Anayesa pa sikelo masekeli 17 a siliva. Analemba kalata ya malonda, naitana mboni. Makalata anali awiri, ina yomata ndi ina yosamata. Anawapereka kwa Baruki anthu akuona, namuuza kuti awaike mu mtsuko wadothi kuti asungike zaka zambiri.

Wogulitsayo anali mbale wake weni-weni, ndipo wolamula malondawo anali Mulungu mwini. Komabe sikelo, kalata ndi mboni sizinasowe. Nanga ife ticitiranji manyazi kufunsa mapepala cifukwa cakuti wogulitsa ndi mnzathu wa m'kwaya kapena wa mu Mphakati? Kufunsa pepala kumateteza ubale womwewo, pakuti milandu ya malo yapasula maubwenzi ambiri ndi kudanitsa ana a mimba imodzi. Safunsa anadya phula.

Pepala lake ndi liti?

Mapepala a malo sali ofanana, ndipo mavuto ambiri amayambira pa kusawasiyanitsa. Lolimba koposa ndi taito, imene imapatsa munthu malo kwa zaka 99, malowo atapimidwa ndi saveya ndi kuikidwa mabikoni. Pali taito ina ya zaka 14, yoperekedwa pamene malo sanapimidwe mokwanira. M'makomboni amene khonsolo inawavomereza, anthu amakhala ndi cilolezo ca zaka 30 cokhalira pa malopo. Kalata ya ofa, yolonjeza munthu malo, ndi ciyambi cabe ca ulendo. Iri ndi zofunika kuzikwaniritsa, ndipo siyenera kuyesedwa taito. Tsono pali kapepala kolembedwa ndi cheyamani wa cipani kapena "komiti ya dera", kodindidwa cidindo cokongola. Pamaso pa lamulo kameneka kali ngati tsamba louma. Makada, kaya ndi a cipani citi, alibe mphamvu yogawa nthaka, ndipo khansala payekha alibenso mphamvuyo.

Tisaiwale zimene zinacitika ku Kasompe, ku Chingola, mu Ogasiti 2022, pamene nyumba zoposa 300 zomangidwa pa malo a bwalo la ndege zinagwetsedwa, mabanja natsala pa mtetete. Tisaiwalenso kuti mu Juni 2020 boma linaimitsa makhonsolo a Lusaka ndi Kitwe kwa miyezi itatu pa nkhani za kagawidwe ka malo. Makina ogwetsa nyumba akafika safunsa kuti munalipira zingati, ndipo amene analandira ndalama zanu tsiku limenelo saoneka.

Nanga ticite ciani? Coyamba, titenge nambala ya puloti ndi kukafufuza ku kaundula wa malo ku Unduna wa za Nthaka, kapena ku khonsolo ngati malowo ali m'manja mwa khonsolo. Kufufuzako kumaonetsa dzina la mwini weni-weni, ndiponso ngati nyumbayo inaperekedwa cikole ku banki, kapena ngati wina anaikapo ciletso cifukwa ca mlandu. Caciwiri, dzina la pa taito lifanane ndi la pa khadi la NRC la munthu amene waima pamaso pathu. Cacitatu, tiitane saveya wovomerezeka atisonyeze mabikoni, kuopa kuti tingamange cipinda cathu pa malo a mnansi kapena pamene padzapita mseu. Cacinai, tikhale ndi loya wathu-wathu, wosiyana ndi wa wogulitsa, ndipo ndalama zidzere ku banki kuti pakhale umboni. Malonda a malo a taito samatha popanda cilolezo ca boma cosinthira dzina, ndiponso popanda msonkho wosinthira umwini umene wogulitsa amalipira ku ZRA. Msonkhowu unakwezedwa kucoka pa 5 kufika pa 8 peresenti kuciyambi kwa 2025. Wogulitsa akakana kudikira zonsezi, nanena kuti pali wina amene abwera ndi ndalama madzulo ano, tingomlola agulitse kwa winayo.

Mitundu itatu ya malonda ifuna kusamala kwapadera. Woyamba ndi mapuloti odulidwa ku famu. Tifunse ngati kudulako kunavomerezedwa ndi a mapulani, pakuti taito ya famu yonse siiri taito ya kadutswa kathu. Waciwiri ndi nyumba ya munthu womwalira. Woyang'anira cuma ca masiye saloledwa kugulitsa nyumba popanda cilolezo ca khoti, ndipo wogula mosafunsa angapezeke kuti wathandiza kulanda ana amasiye pogona pao. Wacitatu ndi malo a mafumu. Mau a nyakwawa ndi olemekezeka pa mwambo, koma kuti malowo asanduke a taito pafunika civomerezo ca mfumu ya deralo, ca khonsolo ndi ca Komishinala wa za Nthaka, ndipo lamulo lifuna kuti anthu amene malowo akuwakhudza afunsidwe.

Pitani kukaona mu Febuluwale

Ogulitsa amakonda kutionetsa malo m'cilimwe, pansi pali gwa ndipo galimoto ifika mpaka pa bikoni. Malo ayenera kuonedwa m'dzinja, mvula itagwa masiku atatu otsatizana. Dambo limabisala mu Okutobala, koma mu Febuluwale limadziulula lokha. Tiyang'ane pa zipupa za nyumba zoyandikana ngati pali mzere umene madzi anasiya. Ticeze ndi amai ogulitsa tomato pa mphambano ndi woyendetsa minibasi wa njirayo, pakuti iwo alibe cifukwa cotinamiza.

Mbali yaikulu ya Lusaka inamangidwa pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mapanga pansi pake. Madzi a mvula amalowa m'ming'alumo msanga, dothi lisanawasefe bwino, ndipo m'dzinja madzi a pansi amakwera kufika pafupi ndi pamwamba. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene Kanyama ndi Misisi amasefukira kawiri-kawiri. M'madera ambiri atsopano mapaipi a madzi ndi a zonyansa sanafike, motero nyumba iri yonse imabowola citsime cake ca borehole ndi kukumba dzenje lake la septic tank. Malamulo a bungwe la WARMA a 2018 afuna kuti zitsime zotere zilembetsedwe, ndi kuti zitalikirane ndi dzenje la zonyansa mamita 30. Koma mapuloti ambiri ndi a mamita 20 m'lifupi ndi 30 m'litali. Ngakhale mutaika citsime pa ngodya imodzi ndi dzenje pa ngodya inayo, dzenje la mnansi wanu liri kuseri kwa mpanda. Cotero nyumba ya matailosi ndi geti la magetsi ingathe kumwetsa ana ake madzi oipa, eni ake osadziwa. Kolera ya 2017 mpaka 2018, ndi ija ya 2023 mpaka 2024 imene inapha anthu oposa 700 m'dziko lonse ndi kusandutsa bwalo la masewera la Heroes kukhala cipatala, inakantha maka-maka makomboni. Koma madzi a pansi sadziwa malire a komboni ndi mayadi. Tisanagule tikapimitse madzi a pa malopo, ndipo tikalowa m'nyumba tisaleke kuwapimitsa, kuwawiritsa kapena kuwathira klorini.

Alipo malo ena amene Mkristu sayenera kumangapo ngakhale pepala litapezeka. Nkhalango ya kum'mawa kwa Lusaka yochedwa Forest 27, kumene kumacokera madzi a mtsinje wa Chalimbana, inadulidwa zigawo pakati pa 2017 ndi 2019, ndipo mkangano wake unafika m'makhoti. Papa Fransisko m'kalata yake ya Laudato si' ya 2015 anatikumbutsa kuti madzi abwino ndi ufulu wa munthu aliyense. Womanga pa gwero la mtsinje amaumitsa dimba la mlimi amene sadzamuona nkhope.

Tiwerengerenso magetsi ndi mtunda. Pa cilala ca 2024, madzi atacepa ku Kariba, nyumba zambiri zinali kukhala pafupi-fupi tsiku lathunthu popanda magetsi, ndipo borehole yopanda magetsi ndi dzenje louma. Za mtunda, tiyese ulendo wake pa tsiku la nchito m'mamawa, pamene mseu wadzaza. Ngati ana adzayamba kudzuka 4 koloko kuti afike ku sukulu, ndipo bambo ndi mai adzayamba kufika kunyumba ana atagona, pemphero la pamodzi la madzulo lidzafa, ndi kuceza kwa pa cakudya komwe. Mtengo umenewu sulembedwa pa cikwangwani, koma banja limaulipira tsiku ndi tsiku. Tifunsenso kumene kuli cipatala, ndi m'mene agogo adzafikira ku Misa pa Sondo.

Khalani pansi, muwerengere

Pa mutu 14 wa Mthenga Wabwino wa Luka, Ambuye Yesu anachula munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayenera kuyamba wakhala pansi ndi kuwerengera ndalama zake, kuopa kusekedwa atalekera pa maziko. Madera athu atsopano adzaza ndi nsanja zotere: nyumba za zipinda zisanu ndi cimodzi zimene zinaima pa mawindo, udzu utamera m'cipinda codyera.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Mu 2024 mabanki ambiri m'dziko lino anali kukongoza pa ciongoladzanja coposa 25 peresenti pa caka. Munthu wokongola K500,000 pa muyeso umenewo alipira K125,000 ya ciongoladzanja cokha m'caka coyamba, ndiye kuti yoposa K10,000 pa mwezi, asanabwezeko ndi ngwee yomwe ya nkhongole yeni-yeniyo. M'caka comweco bungwe la Ajezuiti la JCTR, limene limawerengera mwezi ndi mwezi mtengo wa zofunika pa moyo, linapeza kuti banja la anthu asanu mu Lusaka lifuna ndalama zoposa K10,000 pa mwezi kuti lidye ndi kukhala moyenera. Banja lotenga nkhongole yotere liri ngati lalandira m'nyumba mwao banja lina lathunthu loti lizilidyetsa. Alipo okhoza kusenza katunduyu, ndipo kwa iwo nkhongole ya nyumba ndi njira yabwino. Koma aliyense ayese mapewa ake, osati a mnansi. Za kaloba tisanene zambiri: womangira nyumba ndalama za kaloba amamangira mwini kalobayo.

Kucokera mu 2023 lamulo linalola anchito kutengako 20 peresenti ya ndalama zao za ku NAPSA asanapume pa nchito, ndipo ambiri anaziika pa malo. Amene anagula malo oona anacita bwino. Koma lamulo la 2023 linalola kutenga ndalama zimenezi kamodzi kokha, ndipo ndi cakudya ca ukalamba wathu. Siziyenera kuperekedwa pa kapepala ka cheyamani. Njira ya makolo athu ikali yabwino: cilimba kapena gulu losunga ndalama la anthu odziwana, mabuloko pang'ono-pang'ono, zipinda ziwiri zofoleredwa bwino zimene banja lingalowemo ndi kuleka kulipira lendi, zina nkuonjezera m'tsogolo. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kulumpha. Fizi ya ana ndi mankhwala a odwala zisaphedwe cifukwa ca matailosi.

Kuwerengeraku kucitike ndi anthu awiri. Mwamuna wogula puloti mkazi wake osadziwa, kapena mkazi womanga mwamseri kwao, waika mng'alu m'maziko a cikwati nyumba isanayambe. Pa guwa tinalonjezana moyo umodzi, ndipo cuma ciri m'kati mwa lonjezolo. Lamulo limalola kuti maina a onse awiri alembedwe pa taito monga eni ake pamodzi, kotero kuti mmodzi akamwalira wotsalayo akhala mwini nyumba popanda mkangano. Tilembenso wilo tikali ndi mphamvu, pakuti kulemba wilo sikuitana imfa. Munthu akamwalira wopanda wilo, lamulo la 1989 limagawa cuma cake motere: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene anali kudalira womwalirayo. Nyumba imakhala ya wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo iye ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha atalowa m'banja lina. Lamulo liripo, komabe tonse tidziwa amai amasiye amene anatulutsidwa m'nyumba maliro asanazizire. Acibale ocita zotere acimwira Mulungu amene amadzicha mtetezi wa amasiye.

Amene tinawapeza

Dera lotukuka silikhala lopanda anthu. Tisanafike ife panali ena: mlimi wa Cisoli amene makolo ake agona m'manda a pafupi, wanchito wa pa famu amene anakalambira pomwepo, amai ophwanya miyala m'mbali mwa mseu, mabanja a lendi m'tinyumba ta zipinda ziwiri. Dera likakwera mtengo, oyamba kucoka ndi iwowa. Lendi imakwera, munda umadulidwa mapuloti, njira ya ku citsime imatsekedwa ndi mpanda. Mu 1987, caka cimene bungwe la United Nations linacipatula kukumbukira osowa pogona, Bungwe la Papa la Cilungamo ndi Mtendere linatulutsa cikalata pa vuto la nyumba, cofunsa Mkristu aliyense za mbale wake wosowa pokhala. Funso limenelo likali kutiyembekezera pa geti la nyumba yathu yatsopano.

Tikumbukire Naboti, pa mutu 21 wa buku loyamba la Mafumu. Mfumu Ahabu inasirira munda wake wamphesa cifukwa unali pafupi ndi nyumba yacifumu, ndipo Naboti atakana kugulitsa colowa ca makolo ake, Yezebele anakonza makalata, cidindo ndi mboni zonama. Pa mapepala zonse zinaoneka zolongosoka, koma Mulungu anatuma Eliya. Ticenjere tsono kuti mwai wathu usakhale tsoka la wina. Ngati mai wamasiye agulitsa nyumba pa theka la mtengo wake cifukwa mwana ali m'cipatala, kapena nkhalamba ya kumudzi ipereka munda wonse posinthana ndi njinga ndi malata ocepa cifukwa siidziwa mtengo wa malo, Mkristu sanganene kuti wapeza mwai. Mtengo wacilungamo ndi umene tingauchule popanda manyazi pamaso pa ana a wogulitsayo. Momwemonso kugula mapuloti asanu ndi kuwasiya chire, kudikira kuti mtengo ukwere pamene mabanja acinyamata asowa pomanga, ndi cinthu coyenera kucifunsa cikumbumtima cathu.

Tikalowa m'nyumba, tisadzitsekere. Mipanda yathu yatalika kotero kuti munthu angakhale zaka zitatu osadziwa dzina la mnansi wake, kufikira tsiku la maliro kapena la akuba. Koma cimene cimatukula dera ndi anthu ake. Madera amene atukukadi ndi aja amene okhalamo anagwirizana kukonza ngalande, kusonkha za mseu, kupita pamodzi ku khonsolo kukapempha madzi, ndi kukana kuti malo a sukulu, a cipatala kapena a bwalo la ana adulidwe mapuloti. Mutu umodzi susenza denga. Maparishi ambiri a m'tauni anayamba ndi mabanja owerengeka opemphera m'nyumba ya mmodzi wa iwo kapena m'kalasi ya sukulu. Tikasamuka, titenge kalata ku parishi yathu yakale, tikadzionetse kwa bambo mfumu wa kumene tafika, ndipo ngati kulibe Mphakati tiuyambitse ife. Mu Mphakati umenewo mwini nyumba ya nsanjika, mlonda wa pa geti lake ndi mai wophwanya miyala akhale pa mphasa imodzi. Amene amatimangira ndi kutigwirira nchito m'nyumba alandire malipiro ao pa nthawi yake.

Mafunso okambirana mu Mphakati

1. Kodi pakati pathu alipo odziwa za malamulo, za kupima malo kapena za zomanga-manga, amene angathandize mabanja ofuna kugula asanapereke ndalama?

2. Kodi ndi mabanja angati mwa ife amene mwamuna ndi mkazi onse adziwa kumene kuli mapepala a nyumba, ndi maina amene analembedwapo?

3. Kodi m'dera lathu ndani ali kukankhidwira kunja pamene mitengo ikwera, ndipo ife tingawacitire ciani?

Banja Loyera linadziwa kusowa malo ku Betelehemu ndi kukhala alendo ku Ejipito, lisanakhazikike m'nyumba ya mmisiri wa matabwa ku Nazareti. Yosefe Woyera apempherere onse amene ali kufuna-funa pokhala, onse amene ali kumanga, ndi onse amene anataya nyumba zao. Tidzakumananso mwezi wamawa, Mulungu akalola.